Atimba a m'nkhalango zonyowa: chifukwa chiyani mabuku sakugwirizana za mabanja awo?

Mayi Sakala, Chilenje:
Moni nonse. Ndikupempha odziwa za mbalame andithandize, chifukwa ana a kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwathu andifunsa funso lofunika yankho lolongosoka. Buku lakale limene lili m'laibulale yathu limaika atimba onse, a m'dambo, a m'bango ndi a m'nkhalango zowirira, m'banja limodzi lotchedwa Sylviidae. Pulogalamu ya pa foni imene anawo amagwiritsa ntchito yawamwaza m'mabanja ambiri: apalis ndi camaroptera ali ku Cisticolidae, crombec ali ku Macrosphenidae, ndipo timba wa Laura wa ku Mwinilunga ali ku Phylloscopidae. Mbalamezi n'zofanana msinkhu, milomo yake ndi yopyapyala chimodzimodzi, ndipo zonse zimakhalira kutola tizilombo m'masamba. Nanga chazilekanitsa n'chiyani, ndipo anawo ndiwauze kuti akhulupirire buku kapena foni?

Bambo Tembo, Chelstone:
Mayi Sakala, ine ndinagwira ntchito ya zankhalango kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino, ndipo buku limene tinkayenda nalo linali la Benson ndi anzake, lotuluka mu 1971. M'menemo atimba onse anali pamodzi, ndipo sizinatilepheretse kuzindikira mbalame iliyonse imene tinakumana nayo. Mbalame sizinasinthe, asintha ndi olemba mabuku.

Anawo muwaphunzitse kaye kumene mbalame iliyonse imakhala, pakuti zimenezo sizisintha chaka ndi chaka. Ku Mwinilunga ndi ku Ikelenge kumagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 1,400 pa chaka, pamene kuno ku Lusaka timalandira pafupifupi 800. M'mbali mwa timitsinje ta kumeneko muli misitu yopapatiza, imene anzathu a kumpoto amaitcha mushitu, ya mitengo yosayoyoka masamba, ndipo pansi pake pamakhala chinyezi ngakhale mu Okutobala. Mukalowamo n'kukhala phee, mudzaona kuti atimba anagawana nkhalangoyo kuyambira pansi mpaka kunsonga. M'ziyangoyango za pansi penipeni mumakhala Bradypterus lopezi, wofiirira moderako, amene amayenda chokwawa ndipo kawirikawiri mumangomumva osamuona. Pamwamba pang'ono, m'zitsamba zofika m'chiuno kapena pamutu pa munthu, ndi mwa camaroptera. Timba wa Laura amasaka kuyambira m'nthambi zapakati kupita m'mwamba, ndipo kunsonga kwenikweni kumakhala apalis, monga Apalis rufogularis, amene kuti mumuone khosi limayamba lawawa. Mwana akadziwa zimenezi angathe kutchula dzina la mbalame asanaone n'komwe mtundu wa nthenga zake.

Chikondi, Kalingalinga:
Bambo Tembo, zimene mwafotokoza za magawo a nkhalango n'zoona, ndipo ndi zomwe tikuphunzira m'kalasi ku yunivesite ya UNZA. Komabe ndiloleni ndiyankhe Mayi Sakala za mabanjawo, chifukwa kusinthaku kuli ndi maziko.

Kale akatswiri ankaika mbalame m'mabanja poyang'ana zikopa zosungidwa, zonga zimene zili ku Livingstone Museum: ankayeza mlomo, phiko, mchira ndi miyendo. Kambalame kalikonse kakang'ono, ka mlomo wopyapyala, kodya tizilombo, kamene sikanali ndi chizindikiro china chodziwika bwino, ankakaponya ku Sylviidae, mpaka banjalo linadzaza ndi mitundu yoposa 400. Mu 1990 Charles Sibley ndi Jon Ahlquist anafalitsa zotsatira za kuyerekezera DNA (zinthu za m'thupi zimene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) ya mbalame zambiri, ndipo anaonetsa kuti cisticola, prinia ndi apalis ndi a banja lawolawo. Mu 2006 Per Alström wa ku Sweden ndi anzake anapitiriza ntchitoyo ndi njira zatsopano zowerengera DNA, ndipo zinaoneka kuti atimba a m'bango, a m'udzu ndi a m'masamba a mitengo ndi mizere yosiyana imene inapatukana zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mu 2012 Silke Fregin ndi anzake anaunikanso mtengo wonse wa ubalewu, ndipo lero crombec, longbill ndi mbalame zina zochepa za mu Africa muno zili m'banja la Macrosphenidae, limene silipezeka ku kontinenti ina iliyonse.

Kufanana kumene Mayi Sakala akuona kumachokera ku ntchito. Mbalame iliyonse imene imadya mbozi, akangaude ndi nsabwe za m'masamba imafunika thupi lopepuka loti kanthambi kasathyoke, mlomo wosongoka wotolera, ndi nthenga zobiriwira kapena zotuwa zoti mphamba asaione msanga. Mizere yosiyanasiyana inafika pa maonekedwe amodzi chifukwa chakudya chake ndi chimodzi. Ku America kuli banja la Parulidae la timbalame tochita zomwezi, koma abale ake enieni ndi mbalame za milomo yokhuthala zodya njere.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi: m'nkhalango za pa Nyika muli mbalame yotchedwa African hill babbler, imene mabuku akale sankaiwerenga ngati timba n'komwe. Lero ndi Sylvia abyssinica, ndipo ili m'mbumba imodzi (kagulu ka abale apafupi m'kati mwa banja) ndi Sylvia borin amene amabwera kuno kuchokera ku Ulaya nthawi ya mvula. Amene ankaoneka ngati eni banja anatulutsidwa, ndipo amene anali kunja ndiye anapezeka kuti ndi wa m'nyumba.

Bambo Tembo, Chelstone:
Chikondi mwana wanga, wafotokoza bwino, koma undiuze phindu lake kwa munthu amene waima m'matope m'mphepete mwa mtsinje wa Jimbe, mbalame ili pamwamba pa mutu wake. Magazi ake sangawayeze pamenepo. Ngati ubale sungaoneke ndi maso kapena kumveka ndi khutu, ndiye kuti ndi nkhani ya m'laboratale, ndipo ana a sukulu tisawasenzetse.

Bambo Njobvu, Kabwata:
Achikulire, apa ndikupempha kutsutsana nanu mwaulemu. Ine ndimaperekeza alendo kumunsi kwa Zambezi, ndipo m'nkhalango za m'mbali mwa mtsinje kumeneko muli kambalame kachikasu, ka mchira wofiirira, kotchedwa Livingstone's flycatcher, Erythrocercus livingstonei. Mabuku akale anakaika pamodzi ndi mbalame zogwira ntchentche m'mlengalenga. Koma aliyense amene anakayang'anitsitsa amadziwa kuti sikakhala pa nthambi kudikira kuti ntchentche idutse. Kamayenda m'timagulu, kosakhazikika, kakutambasula mchira ndi kuupeta uku ndi uku, kakufufuza kunsi kwa masamba monga amachitira apalis. Alendo ambiri akakaona koyamba amafunsa kuti ndi timba wanji ameneyu. DNA itayezedwa, zinapezeka kuti abale ake apafupi ndi atimba a m'zitsamba a ku Asia, ndipo tsopano kali m'banja lakelake la Erythrocercidae pamodzi ndi mitundu ina 2 ya mu Africa. Apa laboratale inangovomereza zimene maso ankaona kale m'tchire, ndipo amene anasochera ndi iwo amene ankangoyeza mlomo wa chikopa chouma.

aNabanda, Chilanga:
Ine sindine wa sayansi, koma ndili ndi umboni wa kuseri kwa nyumba yanga. M'zitsamba za kumpanda mumakhala camaroptera wa msana wotuwa ndi mapiko obiriwira, amene amaimika mchira wake m'mwamba, ndipo akadzidzimuka amalira ngati kamwana ka mbuzi kosiyidwa ndi make. Mvula itayamba ndinapeza chisa chake pafupi ndi nthaka. Anatenga masamba aakulu amoyo, osawathothola pa tsinde, n'kuwaboola m'mphepete ndi mlomo, kenako n'kulowetsamo ulusi wa kangaude ndi thonje la zomera mpaka masambawo anagwirana n'kupanga kathumba. M'kati mwake anayalamo udzu wofewa, ndipo tsamba lina linali ngati denga. Popeza masambawo amakhalabe obiriwira, munthu angadutse pomwepo tsiku lililonse osazindikira kuti pali chisa. Funso langa kwa Chikondi ndi lakuti, kodi luso losoka limeneli ndi la camaroptera yekha, kapena limayenda m'banja?

Chikondi, Kalingalinga:
Amayi, limayenda m'banja, ndipo limeneli ndi yankho labwino kwa Bambo Tembo kuposa langa lija. Mbalame zotchuka pa kusoka masamba ndi za ku Asia, za mbumba ya Orthotomus, ndipo DNA inaziika ku Cisticolidae, banja lomwelo la camaroptera wanu. Prinia wa m'minda mwathu amasokerera chisa chake ku masamba, ndipo Cisticola erythrops wa m'mbali mwa madambo nayenso amasoka. Pitani tsopano ku Phylloscopidae: kumeneko kulibe wosoka, chisa chimakhala chobulungira cha khomo lam'mbali, chomangidwa ndi ndere ndi udzu pansi kapena pa khoma la mtsinje, ngakhale kuti mwini wake amadyera m'mwamba mwa mitengo. Crombec, amene mchira wake ndi waufupi kwambiri moti amaoneka ngati alibe, amalendeweretsa chisa chake kunsonga ya nthambi. Munthu amene akadasanja atimba potsata zisa zawo m'malo mwa milomo akadafika pafupi ndi zimene DNA yaonetsa.

Bambo Tembo, Chelstone:
Pafupi, koma osati penipeni. Apalis mwamuika m'banja la osoka, koma zisa za apalis zimene ndinaziona sizinali zosoka. Apalis flavida amamanga chisa chake ndi ndere zolendewera m'mitengo, n'kuzimata ndi ulusi wa kangaude, khomo lili m'mbali chakumwamba. Ndiye musawauze ana kuti chisa chokha chimakwanira.

Chikondi, Kalingalinga:
Sichikwanira chokha, Bambo, monganso mawu okha kapena nthenga zokha sizikwanira. Banja la Cisticolidae lili ndi mitundu yoposa 150, ndipo pa nthawi yaitali chonchi ena anasiya kusoka kapena sanayambe n'komwe. Ngakhale mbumba ya Apalis yeniyeniyo inaunikidwanso: mu 2008 mitundu 2 ya m'mapiri a kum'mawa ndi pakati pa Africa inachotsedwamo n'kupatsidwa mbumba yatsopano ya Oreolais.

Bambo Njobvu, Kabwata:
aNabanda, chisa chimenecho muzichiyang'anira patali, ndipo mukaona mwana mmodzi wamkulu kuposa makolo ake musadabwe. Camaroptera ndi mmodzi wa mbalame zimene African emerald cuckoo amaziikira dzira m'chisa, ndipo Klaas's cuckoo amachita zomwezo kwa apalis ndi crombec. Mwana wa mlendoyo akaswa amakankhira kunja mazira kapena ana a eni chisa, n'kutsala yekha kulandira chakudya chonse. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, koma kumeneku amafungatira ndi a eni ake omwe.

Mayi Sakala, Chilenje:
Zikomo nonse, ndayamba kuona poyambira. Koma pali china chimene chikundizunguza. Pa foni timba wa Laura ndi willow warbler ali m'mbumba imodzi ya Phylloscopus. Willow warbler timamuona m'mitengo ya pasukulu kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo, kenako amasowa. Wa Laura akuti sachoka m'msitu wake. Zitheka bwanji kuti abale apafupi chonchi akhale ndi moyo wosiyana kotere?

Chikondi, Kalingalinga:
Mayi Sakala, apa ndi pamene pakuonekera kuti ubale ndi khalidwe ndi zinthu ziwiri zimene zimakumana pena n'kusiyana pena. Willow warbler, Phylloscopus trochilus, amalemera magalamu pafupifupi 9. Amaswera ku Ulaya ndi ku Siberia, ndipo amene amachokera kum'mawa kwenikweni kwa Russia amauluka makilomita oposa 12,000 kuti afike mu Africa. Amasintha nthenga zake zonse kawiri pa chaka, kamodzi kwawo ndi kamodzi kuno, chinthu chosowa kwambiri pakati pa mbalame. Akafika kuno salowa m'kati mwa msitu wowirira, amakonda miombo, mitengo ya minga ndi minda ya m'tauni. Mbale wake wina wa ku Ulaya, Phylloscopus sibilatrix, ndiye amapita ku nkhalango zonyowa za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa.

Timba wa Laura, Phylloscopus laurae, anafotokozedwa koyamba mu 1931 ndi Rudyerd Boulton, kuchokera pa phiri la Moco ku Angola, ndipo anamutcha dzina la mkazi wake Laura Boulton, amene ankajambula nyimbo za anthu a mu Africa. Amapezeka ku Angola, kumwera kwa Congo, kumpoto kwa Zambia ndi kumwera chakumadzulo kwa Tanzania. Mabuku ena akale amamulemba pansi pa dzina la Seicercus, ndipo mbumba imeneyo inathiridwa yonse mu Phylloscopus mu 2018, choncho mukapeza dzina limenelo m'buku lanu dziwani kuti ndi mbalame yomweyo. M'nkhalango zina za m'mapiri, malo ake amatengedwa ndi Phylloscopus ruficapilla wa khosi lachikasu ndi mutu wofiirira.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kaberekedwe. Willow warbler amaikira mazira 5 mpaka 7 nthawi imodzi, chifukwa chilimwe cha ku Ulaya chili ndi masiku aatali ndi mbozi zochuluka kwa kanthawi kochepa, ndipo ambiri a iwo amafera pa ulendo. Atimba a m'nkhalango zathu amaikira 2 kapena 3 okha. Reginald Moreau, amene ankagwira ntchito ku Amani m'mapiri a Usambara ku Tanzania, analemba za kusiyana kumeneku mu 1944. Pambuyo pake Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anakhala pa Nyika kuyambira 1979 mpaka 1982, akugwira mbalame za m'nkhalango ndi maukonde opyapyala n'kuziveka mphete m'miyendo, ndipo anaona kuti zazikulu zambiri zimapezekanso pa kadera komweko chaka chotsatira. Mbalame yokhala moyo wautali pa malo amodzi, pamene njoka, anyani ndi agologolo amaononga zisa zambiri, imapindula poikira mazira ochepa n'kusunga mphamvu zoti iyeserenso chisa chikaonongeka.

Bambo Tembo, Chelstone:
Zimenezi ndikuvomereza, ndipo ndiwonjezere za nyengo yozizira. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, pamene zisa zatha, mungayende m'msitu nthawi yaitali osamva kanthu, kenako mwadzidzidzi mitengo yonse n'kudzaza ndi mbalame za mitundu yosiyanasiyana zikuyendera limodzi. Timba wa Laura ndi apalis amalowa m'magulu amenewa, ndipo kawirikawiri pamakhala nthengu ya m'nkhalango, ya mchira wosagawanika kwambiri, imene imagwira tizilombo touluka pothawa atimbawo, ndipo ndi yomwe imayamba kukuwa mphamba akayandikira. Aliyense amadyera pa msinkhu wake, choncho sakanganirana chakudya. Koma ndinaona kuti apalis amatsagana ndi gululo mpaka m'malire a dera lawo basi, gulu likapitirira iwo amabwerera. Bradypterus salowa nawo m'maulendo amenewa, amakhala m'ziyangoyango mwake chaka chonse. M'miombo ya kuno kwathu mungaone zofanana, kungoti oyenda nawo amakhala eremomela, hyliota ndi crombec wa mutu wofiira.

Chikondi, Kalingalinga:
Hyliota ameneyo nayenso anachotsedwa pakati pa atimba, Bambo, ali ndi banja lakelake la Hyliotidae. Ndipo bamboo warbler wa ku Mwinilunga, amene munkamudziwa ngati Bradypterus alfredi, tsopano ndi Locustella alfredi.

Bambo Tembo, Chelstone:
Ndiye kuti posachedwapa mbalame iliyonse idzakhala ndi banja lake.

Bambo Kamanga, Woodlands:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhani ikafika pa apalis ndiyenera kulankhulapo, chifukwa kwathu ndi ku Zomba. Mwakambirana za mabanja, koma mkangano umene umakhudza nkhalango mwachindunji ndi wa mitundu. Pa mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje pali apalis wachikasu chowala kuyambira kukhosi mpaka kumimba, wa mzere wakuda pachifuwa. Mabuku ena amamuwerenga ngati nthambi chabe ya Apalis thoracica, amene amapezeka kuyambira ku South Africa mpaka ku Kenya, ndipo pa Nyika ali ndi khosi loyera. Mabuku ena amati ndi mtundu pawokha, Apalis flavigularis. Akakhala nthambi, ndi mbalame wamba yosadetsa nkhawa munthu aliyense. Akakhala mtundu pawokha, ndi mbalame imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula ku Malawi, ndipo bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN limamuika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi ya kutha. Mbalame ndi yomweyo, mitengo imene ikudulidwa ndi yomweyo, koma chidwi cha boma ndi cha othandiza ndi ndalama chimatsata dzina limene lalembedwa. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inatha tikuona. Choncho ine sindingavomereze kuti kusanja mbalame ndi masewera a m'laboratale.

Zomwezi zinachitika kwa apalis wa pa phiri la Namuli ku Mozambique, Apalis lynesi, ndi wa pa mapiri a Taita ku Kenya, Apalis fuscigularis. Onsewa kale anali nthambi za thoracica.

Bambo Tembo, Chelstone:
Bambo Kamanga, mtima wanu ndaumva, ndipo nkhalango za Zomba ndi Mulanje n'zoyenera kutetezedwa. Koma ndikuopa njira imeneyi. Tikayamba kupatsa mbalame dzina la mtundu chifukwa chofuna kupulumutsa phiri, tsiku lina wina adzayeza n'kunena kuti ndi nthambi chabe, ndipo odula mitengo adzati tinawanamiza. Ine ndimayang'ana mawu. Apalis amaimba molandizana: mwamuna amabwereza kamvekedwe kamodzi mokweza, mkazi n'kulowererapo ndi kena kofulumira ndi kokwera, ndipo kuimbaku ndi kumene kumasunga banja ndi malire a dera lake. M'nkhalango yowirira mbalame zimamvana kaye zisanaonane. Ngati wa ku Zomba ndi wa pa Nyika akuimba nyimbo yofanana, ine ndikayika kuti khosi lachikasu lokha lingawaletse kukwatirana atakumana.

Chikondi, Kalingalinga:
Vuto lake ndi lakuti sakumana, ndipo palibe njira yowayesera. Mbalame za m'nkhalango za m'mapiri siziwoloka zigwa zotentha za pakati pa phiri ndi phiri. Nyengo ya dziko itasintha kambirimbiri m'zaka zikwi mazana zapitazo, nkhalango zinkafutukuka nthawi ya chinyezi n'kulumikizana, kenako zinkafota nthawi youma n'kutsala pamwamba pa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo Africa inali youma ndi yozizira kuposa lero. Gulu lililonse lotsekeredwa pa phiri lake linayamba kusintha palokha, lina msanga pa nthenga, lina msanga pa mawu, ndipo palibe tsiku limene munthu angaloze kuti apa nthambi yasanduka mtundu. Akatswiri ena amafunsa ngati mbalamezo zingaberekane, ena amafunsa ngati gulu lililonse lingazindikirike palokha mosakayikitsa, ndipo mafunso awiriwa amapereka mayankho osiyana pa mbalame imodzi.

N'chifukwa chake ngakhale camaroptera wa aNabanda ali ndi mayina awiri. Ndandanda zina za mayina a mbalame zimalekanitsa wa msana wotuwa, Camaroptera brevicaudata, ndi wa msana wobiriwira wa kugombe la kum'mawa, Camaroptera brachyura, pamene zina zimati ndi mtundu umodzi popeza amalira mofanana ndipo amasakanikirana kumene amakumana. Mu 2025 mabungwe amene ankasunga ndandanda zosiyanazi anatulutsa ndandanda imodzi yogwirizana yotchedwa AviList, choncho mapulogalamu a pa foni ayamba kuyandikirana, koma idzapitiriza kusintha umboni watsopano ukamabwera.

Bambo Kamanga, Woodlands:
Bambo Tembo, sindikunena kuti tipeke mtundu pofuna ndalama. Ndikunena kuti pamene akatswiri akukanganabe, chisankho chotcha mbalame nthambi sichili chopanda mbali monga mukuganizira, chifukwa nachonso chili ndi zotsatira zake pa phiri. Komanso mawu ofanana si umboni womaliza. Mbalame zimene sizikumana sizikhala ndi chifukwa chosinthira nyimbo kuti zisiyanitsane, ndiye nyimbo ingakhale yakale pamene zina zonse zasintha.

Bambo Tembo, Chelstone:
Mfundo yomalizayo ndi yolemera, koma ingagwirenso ntchito mbali inayo: nthenga zingasinthe msanga pamene zina zonse zili zakale. Ine ndikhalabe pa mawu mpaka wina andionetse kuti wa ku Zomba sayankha nyimbo ya wa pa Nyika.

aNabanda, Chilanga:
Popeza mwatchula za kuyankha nyimbo, ndifunse: kodi n'koyenera kuimbira mbalame mawu ake pa foni kuti ituluke? Ndinaona anthu ena akuchita zimenezi ndipo kambalameko kanabwera msanga, kakulira mokwiya.

Bambo Njobvu, Kabwata:
Kanabwera chifukwa kanaganiza kuti mdani walowa m'dera lake, amayi. Kwa mbalame zokhala pa malo amodzi chaka chonse, monga apalis ndi Bradypterus, imeneyo ndi nkhondo yeniyeni: mwamuna amasiya kudya, mkazi amatha kuchoka pa mazira, ndipo onse amadzionetsa poyera pamene mphamba angawaone. Ofufuza amagwiritsa ntchito njirayi mwa dongosolo, kwa kanthawi kochepa, akufuna kudziwa chinthu chimodzi monga chimene Bambo Tembo akufunsa. Ine sindilola alendo anga kutero nthawi ya zisa, kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itakhazikika, makamaka pa malo amene anthu ambiri amafikapo kudzafuna mbalame imodzi yomweyo.

Chothandiza kwambiri ndi kujambula mawu m'malo mowaimba. Mayi Sakala, ana anu angayambire kuno komwe, chifukwa Apalis flavida amapezeka m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yozungulira Lusaka, monga Chongwe ndi Chalimbana, ndipo m'mawa kwambiri amaimba molandizana. Foni wamba imakwanira ngati mwana waima chete, mphepo ili kumbuyo kwake. Ajambule kwa mphindi yathunthu kuti mawu a mkazi alowemo, popeza ambiri amadula mwamuna akangoyamba, ndipo kumapeto atchule yekha tsiku, malo, msinkhu umene mbalameyo inali pa mtengo, ndi ngati inali yokha, ndi mnzake kapena m'gulu losakanikirana. Akaiona, ayang'ane diso ndi chifuwa: flavida ali ndi diso lofiirira ndi chifuwa chachikasu, pamene thoracica ali ndi diso loyera ndi mzere wakuda wodutsa pachifuwa, umene umakhala wopyapyala kwa mkazi. Zojambulazo aziike pa intaneti, pa tsamba la eBird kapena la xeno-canto, kumene ofufuza amatengako mawu oyerekezera, ndipo a BirdWatch Zambia angakuthandizeni kutsimikizira mayina musanazitumize.